Nkhungu ya ku Khondowe

Matola a pa Chitimba sanyamuka asanadzaze, ndipo amayamba ndi matumba a feteleza, ife anthu n'kukhala pamwamba pake. Msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia uli ndi makona 20, ena opanikiza moti dalaivala amachita kubwerera m'mbuyo kuti akhote. Nthawi yamvula apa aliyense amakumbukira Mulungu wake.

Ndinali ndi msuweni wanga, wojambula ndi penti yamafuta, amene amagulitsa zithunzi zake kwa alendo m'mphepete mwa nyanja. Pa kona ina, ine maso ali pa tayala lomwe linali pafupi ndi phompho, iye anandikodola.

"Asuweni, taonani uko. Hiroshige weniweni!"

Nyanja inali pansi pathu, koma inkaoneka ngati yaimirira. Polekezera madzi ndi poyambira mitambo sipankadziwika. Nthambi ya msuku inadutsa pamaso pathu n'kudula zonsezo pakati, ndipo mabwato a asodzi anali timadontho pakona.

Hiroshige, amene anamwalira mu 1858, anali wa ku Japan, katswiri wa zithunzi zodinda ndi matabwa osema. Dziko lake litatsegula madoko m'zaka za m'ma 1850, zithunzi zotere zinasefukira ku Ulaya, makamaka chitachitika chionetsero cha ku Paris cha 1867. Kumeneko ojambula ankaphunzitsidwa kuika chinthu chofunika pakati, kuchipatsa mthunzi, ndi kuchepetsa zakutali mwa masamu. Ajapani sankamangika ndi malamulo amenewo. Ankayang'ana dziko ali pamwamba, mtengo n'kuudula pomwe pathera pepala, mtundu n'kuupaka mosasakaniza. Mu 1887 Vincent van Gogh anakopera ndi penti yamafuta zithunzi ziwiri za Hiroshige: china cha thunthu la mtengo lotchinga munda wamaluwa, china cha anthu othawa mvula pamlatho. Claude Monet anasonkhanitsa zithunzi za ku Japan 231 m'nyumba yake ku Giverny, n'kumanganso mlatho wachijapani padziwe lake. Atakalamba ankajambula madzi a dziwelo okhaokha, opanda gombe.

Tinatsika pa mathithi a Manchewe miyendo ili njenjenje. Mnyamata wotilondolera anati "monire", n'kutitsogolera pa mwala woonerapo. Madzi tinawaona pomwe akugwera basi. Kumunsi konse, mamita oposa 100, kunali nkhungu yokhayokha, mkokomo n'kumachokera m'kati mwake. Ine ndinadandaula kuti talipira ndalama kudzaona theka. Msuweni anangoseka, pensulo ili kale m'manja. Anajambula mwala, mitengo iwiri ndi mzere wa madzi, kwinako n'kusiya pepala loyera.

Nzeru imeneyo ndi ya ku China, ndipo ndi yakalekale. Guo Xi, pa chithunzi chake cha mapiri cha mu 1072, anasiya pakati pa phiri pali mbuu, kuti woona amalize yekha. Kwa ojambula a ku China malo osajambulidwa si ulesi. Ndi momwe phiri limapumira, ndipo munthu amakhala kanthu kakang'ono m'munsi mwake. Zao Wou-Ki, wobadwira ku Beijing, atafika ku Paris mu 1948 anatenga nkhungu imeneyi n'kuilowetsa mu penti yamafuta, yomwe mwachibadwa ndi yolemera ndipo imakonda kudzaza paliponse.

Ku mishoni ya Livingstonia tinafika masana. Dr Robert Laws anasamutsira mishoni kuno ku Khondowe mu 1894, malungo atawazunza ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, ndipo nyumba yake yamiyala, Stone House, lero ndi yosungiramo zakale. M'tchalitchi muli zenera la magalasi amitundumitundu: David Livingstone ali chilili ndi anzake awiri, chida choyezera malo ndi bokosi la mankhwala zili pompo, nyanja kumbuyo kwawo. Palibe kagalasi kopanda ntchito. Ndi lokongola, sindikana. Koma ndi diso la munthu amene anabwera kudzayeza dziko ndi kulilemba pamapu, ndipo nyanja yonse ija, imene inatizunguza mutu pa Gorodi, yangokhala chotchingira kumsana kwake. Khondowe amene ine ndinakwera ali pafupi ndi pepala la msuweni kuposa zenera limeneli.

Tikudya nsima ya usipa kumsika, ndinamufunsa chifukwa chake zithunzi zomwe amagulitsa sizikhala chonchi.

"Ndinayesapo," anatero akutema mbamu. "Amafunsa kuti ndimaliza liti, ena amafuna nditsitse mtengo poti penti yalowa yochepa. Mzungu yemweyo amene amaima pamzere ku Paris kuti aone Monet, akafika pa Chitimba amafuna mlambe, bwato, dzuwa lofiira ndi mayi wosenza mtsuko, zonse pansalu imodzi. Ndiye ana anga adye nkhungu?"