Chipewa cha Agogo

Kwathu kuno mwezi wa Disembala ndi nthawi ya mvula ndi kupalira. Koma ku Washington, likulu la dziko la United States, mwezi womwewo kumazizira koopsa, ndipo nthawi zina kumagwa chipale chofewa. Kumpoto kwa mzindawu, m'boma la Maryland, kuli tauni ya Silver Spring komwe kumakhala anthu ambiri ochokera ku Africa. M'tauni imeneyi mudali mtsikana wina wa zaka 11 amene ankamva Chichewa koma ankachita manyazi kuchiyankhula.

Chaka china agogo ake aakazi adabwera kudzacheza kuchokera ku Zimbabwe. Iwo adabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Banket, komwe makolo awo adafika kuchokera ku Dedza kudzafuna ntchito. Pa utsikana wawo adali katswiri woluka majuzi, koma tsopano zala zidali zitauma ndi nyamakazi. Kuzizira kutayamba, agogo ankangokhala m'nyumba atafunda bulangete. Chizungu sankachidziwa kwenikweni, choncho iwo ndi mdzukulu wawo ankangomwetulirana basi.

Tsiku lina mtsikanayo adalimba mtima nati, "Agogo, ndiphunzitseni kuluka. Ndikufuna ndikulukireni chipewa." Agogo adavomera, koma adati phunziro lonse likhala m'Chichewa. Posakhalitsa mtsikanayo adadziwa kukoleka timfundo pa singano zolukira ndi kuluka mizere wamba.

Kenaka agogo adamuonetsa luko lopota lomwe Azungu amalitcha cable. Lukoli ndi lotchuka pa majuzi a ku zilumba za Aran, kumadzulo kwa dziko la Ireland. Woluka amachotsa timfundo titatu n'kutisunga pa kasingano kachitatu kakafupi. Akatero amaluka timfundo titatu totsatira, kenaka n'kubwerera ku toyamba tija. Motero timfundo timadutsana ngati chingwe cha khonje. Kasinganoko kakakhala kutsogolo, chingwe chimapendekera kumanzere. Kakakhala kumbuyo, chimapendekera kumanja.

"N'chimodzimodzi kuluka tsitsi, mdzukulu wanga," adatero agogo. "Werenga mokweza: kamodzi, tiwiri, titatu." Mtsikanayo akawerenga m'Chizungu, agogo ankakhala ngati sadamve.

Luko la mitundu iwiri agogo sadalilukepo. Mtsikanayo adabwereka buku ku laibulale lofotokoza luko la Fair Isle, lomwe lidatenga dzina la kachilumba kena kumpoto kwa Scotland. Pa lukoli mzere uliwonse umalukidwa ndi ulusi wa mitundu iwiri. Ulusi umodzi ukamaluka, unzake umadutsa kuseri kudikira nthawi yake. N'chifukwa chake chovala chotere chimakhala chochindikala ndi chofunda kwambiri. M'bukumo mudali chithunzi cha timabokosi, kabokosi kalikonse kakuimira kamfundo kamodzi, ndipo powerenga amayambira pansi kudzanja lamanja. Apa zinthu zidatembenuka: mdzukulu ndiye ankawerenga ndi kumasulira m'Chichewa chake chopereweracho, agogo n'kumamuwongola mawu ndi zala zomwe.

Patatha masabata atatu chipewa chidatha, chofiira ndi choyera. Koma agogo atachiyesa, chidakana kulowa m'mutu. Adachitembenuza, nayang'ana kuseri, ndipo adaona chifukwa chake. Mtsikanayo ankakoka kwambiri ulusi wodutsa kuseri uja, choncho chipewa chidakwinyika ndipo sichinkatamuka. Panalibe njira ina koma kuchimasula mpaka pomwe mitundu idayambira.

Mtsikanayo adagwetsa misozi. "Agogo, ntchito yonse ija yapita pachabe!"

"Iyayi, mwanawe," adayankha agogo. "Ulusi sunawonongeke, ndipo zala zako zaphunzira. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Adamasula pamodzi, agogo akukulunga ulusi. Ulendo wachiwiri mtsikanayo ankatambasula timfundo pa singano yakumanja asanasinthe mtundu, kuti ulusi wakuseri ukhale womasuka. Ntchito idayenda pang'onopang'ono, ndipo madzulo aataliwo agogo adamusimbira za moyo wa pa famu, za gule wamkulu amene ankavinidwa m'makomboni, ndi za mudzi wa makolo awo ku Dedza. Mtsikanayo ankafunsa mafunso, osazindikira kuti manyazi aja atha.

Mu Januwale chipewa chidalowa bwinobwino, ndipo agogo adayamba kutuluka kukawongola miyendo masana. Asanabwerere kwawo, banjalo lidapita ku Maryland Sheep and Wool Festival, chionetsero cha nkhosa ndi ubweya chomwe chidayamba mu 1974 ndipo chimachitika kumayambiriro kwa Meyi ku West Friendship. Kumeneko adaona anthu akumeta nkhosa ndi kupota ubweya kukhala ulusi. Mtsikanayo adagula ulusi wobiriwira woti alukire juzi. Masiku ano akasokonezeka amaimbira agogo foni, ndipo amawerengera limodzi timfundo m'Chichewa.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani chipewa choyamba chidakana kulowa m'mutu mwa agogo?
2. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene agogo adanena.
3. Tchulani luso limodzi limene mungaphunzire kwa akuluakulu a kwanu.