Makina Amene Sadziwa Kalendala

Ntchito yanga ndi yoyang'anira makina osungira deta pakampani ina yaikulu. Anthu a m'maofesi amangodziwa kuti akadina fayilo, imatseguka. Sadziwa kuti mwina usiku wathawu fayiloyo yasamuka kuchoka pa disiki ina kupita pa ina popanda munthu woikhudza.

Chimene chimatichititsa zimenezi ndi ndalama. Malo athu osungira ali m'nsanjika zitatu. Pamwamba pali ma SSD. Amenewa alibe chozungulira m'kati, amayankha milisekondi imodzi isanathe, koma mtengo wake ndi wowawa. Pakati pali madisiki ozungulira ka 7,200 pa mphindi, aakulu ndi otsika mtengo. Vuto lawo n'lakuti kamutu kowerengera kamayenera kuyenda kukafuna pamene palembedwa, ndiye disiki imodzi imatha kuyankha pafupifupi ka 100 pa sekondi pamene SSD imayankha kambirimbiri kuposa apo. Pansi penipeni pali tepi. Tepi imodzi ya LTO-9 imalowa ma terabyte 18, ndipo ikakhala pashelefu sidya magetsi. Ufa wa lero umakhala pafupi ndi mafuwa, chimanga cha chaka chonse chimakhala m'nkhokwe. Deta nayonso timaisunga motero, chifukwa zambiri zimene kampani imasunga palibe amene wazitsegula chaka chino.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1978 IBM inatulutsa pulogalamu ya HSM, yomwe inkachotsa mafayilo ogona pa disiki n'kuwapititsa kumalo otchipa, kenako n'kuwabweza munthu akawafuna. Kampani ya EMC inabwera ndi pulogalamu ya FAST mu 2009, IBM n'kutulutsa Easy Tier mu 2010. Makina ambiri a masiku ano sanyamulanso fayilo yathunthu. Pa makina a IBM a DS8000, Easy Tier inkadula malo m'zidutswa za gigabyte imodzi, n'kumawerenga kuti chidutswa chilichonse chafunidwa kangati pa maola 24. Chotentha chimakwera, chozizira chimatsika. M'mawa uliwonse ndimayamba ndi kuona chithunzi cha kutenthako: kachigawo kochepa kumanzere kali psuu, kakusenza ntchito ya kampani yonse, kwinako kuli zii mpaka kumapeto kwa sikirini. Ndikaona choncho mtima umakhala pansi, ndimadziwa kuti ma SSD athu ochepawo akugwira ntchito yoyenera.

Koma makinawa amadziwa za dzulo zokha. Apa m'pamene pali ntchito yanga yeniyeni. Tengani deta ya malipiro a antchito. Kwa masabata atatu palibe woikhudza, ndiye imazizira n'kutsikira pa madisiki oyenda pang'onopang'ono. Mwezi ukamatha, a zachuma onse amaikhamukira nthawi imodzi, ndipo lipoti lomwe limatha pa mphindi zochepa limatenga theka la m'mawa. Makina adzazindikira ndithu kuti detayo yatentha, koma adzaikweza mawa, malipiro atatuluka kale. Mayi wina wa ku ofesi ya zachuma, nditangoyamba kumene pamalopa, anandifunsa kuti, "Achimwene, bwanji makina anuwa amadwala tsiku lomwelomwelo mwezi uliwonse?" Funso limenelo linali lolondola kuposa machati onse amene ndinapeza. Lero deta ya malipiro ndimaikweza ndekha kutatsala masiku awiri, ndipo kachigawo kake kena ndinakakhomerera pa SSD kuti kasatsikenso.

Palinso kutentha kwabodza. Pulogalamu yokopera deta usiku, kapena yofufuza mavairasi, imawerenga fayilo iliyonse. Makina amene amangoyang'ana tsiku lomwe fayilo inatsegulidwa komaliza amaganiza kuti zonse zafunikanso, n'kuyamba kukweza makalata a zaka khumi zapitazo. Makina abwino amasiyanitsa kuwerenga kotsatira mzere ndi kuwerenga kodumphadumpha kwa anthu, koma ine sindikhulupirira kabuku ka wogulitsa ndisanayese ndekha. Kusamutsako nakonso kumadya mphamvu ya madisiki omwewo amene akutumikira anthu, choncho ndimakuchepetsa masana.

Ambiri tsopano akusunga kwa Amazon. Kumeneko S3 Intelligent-Tiering, yomwe inayamba mu 2018, imatsitsa fayilo ikatha masiku 30 osatsegulidwa, n'kuitsitsanso ikafika masiku 90. Timafayilo tosakwana 128 KB sitisamutsidwa n'komwe, ndiye kampani yodzaza timafayilo tating'ono isayembekeze kupulumutsa zambiri.

Chinthu chimodzi chimene ndimalimbana nacho ndi mabwana ndi ichi: kusamutsa deta si kuisunga kawiri. Fayilo ikatsika, imakhalabe imodzi. Wina akaifufuta, yapita, kaya inali pamwamba kaya pansi. Bajeti ya makope osungira padera sindilola kuti idulidwe poti tagula makina anzeru.

Chaka chikamayamba ndimatenga kope ndi cholembera n'kuyendera madipatimenti onse. Ndimafunsa tsiku lotseka mabuku, mwezi umene owerengera chuma ochokera kunja amabwera, ndi nthawi imene amafuna malisiti akale. Amene amati zawo zonse n'zofunika, ndimawaonetsa mtengo wa terabyte imodzi pa nsanjika iliyonse, kenako timakhala pansi n'kusankha limodzi.