Batire Ndi Nkhokwe ya Dzuwa

Za magetsi a galimoto ndinaphunzira ku Ndirande, koma ntchito imene ikundidyetsa lero ndinaipeza kuno ku Joni. Anthu ambiri kuno ali ndi makalavani ndi magalimoto ogonamo, okhala ndi bedi, pophikira ndi filiji. Tchuthi chikafika amanyamuka ulendo wa ku Kruger, ku Kgalagadi, ku Namibia, ena mpaka kwathu ku Cape Maclear, ndipo amatha masiku ambiri kutchire kopanda mzati wa magetsi. Ine ndimawaikira sola ndi mabatire kuti ndiwo zisawole m'filiji, ndiponso nyali isazime pakati pa usiku.

Kasitomala akafika, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Sola yaikulu ndi ndalama zingati?" Ine ndimati, "Bwana, tiyambe taona zimene mumayatsa." Ndiye ndimatenga pepala ndi pensulo. Filiji yaing'ono ya 12 volt imadya pafupifupi 40 Ah pa tsiku, ndipo kukatentha imaposa pamenepo. Tikaphatikiza nyali, pampu ya madzi ndi kutchaja mafoni, timafika cha m'ma 60 Ah. Pamene sola ya 100 watt imapereka ma amp asanu kapena asanu ndi limodzi dzuwa likakhala paliwombo, ndipo maola a dzuwa lenileni pa tsiku ndi ngati asanu. Zikatero munthu amaona yekha kuti sola imodzi singakwanire, pafunika ziwiri kapena zitatu.

Ndimakonda kuwauza kuti dzuwa ndi munda, sola ndi wokolola, batire ndi nkhokwe. Wokhala ndi munda waukulu koma nkhokwe yaing'ono amataya chimanga. Wokhala ndi nkhokwe yaikulu koma kamunda kochepa saidzaza. Ntchito yanga yonse yagona pa kulinganiza ziwirizi.

Padenga sindithamanga. Sola ndimaikweza pang'ono kuti mphepo izidutsa pansi, chifukwa ikatentha kwambiri mphamvu yake imatsika. Bowo lililonse lolowetsa waya ndimalimata bwino, poti dontho limodzi la mvula likamalowa tsiku ndi tsiku limawoletsa matabwa a m'kati. Mthunzi nawo ndi mdani: kanthambi kamodzi kakaphimba ngodya ya sola, zokolola zimatsika kwambiri. Komatu munthu wapaulendo amafuna kuimika galimoto pansi pa mtengo. N'chifukwa chake ndimawonjezera sola yopinda yokhala ndi waya wautali, kuti galimoto ikhale pamthunzi, sola ili padzuwa itayang'ana kumpoto, kumene dzuwa limapendekera kuno kummwera.

Pakati pa sola ndi batire pamakhala controller, mlonda wa pakhomo la nkhokwe. Ya MPPT ndi yodulirapo kuposa ya PWM, koma imakolola zambiri pa sola yomweyo. Polumikiza ndimayamba batire, sola pambuyo, kuti controller izindikire kaye mphamvu ya batire. Ndipo pafupi ndi mutu wa batire sindilephera kuika fyuzi.

Za fyuzizi ndimazinena ndi mtima wonse. Tsiku lina inabwera kalavani yokongola, mawaya atawamanga mwaudongo, koma m'kati mukununkha pulasitiki wopsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene anaika inveta, yosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, anagwiritsa ntchito waya woonda, wopanda fyuzi, ndipo mwini wake anayatsa ketulo. Ketulo ya 2,000 watt imakoka ma amp opitirira 160 pa batire ya 12 volt. Waya unasungunuka pansi pa bedi limene ana ankagonapo. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense ndimamuuza kuti madzi a tiyi awiritse pa gasi, ndipo waya wa inveta ukhale wonenepa ndi waufupi.

Koma gawo lalikulu la ntchito yanga ndi mabatire, chifukwa ambiri amene amafa amaphedwa ndi eni ake. Batire ya asidi siyenera kutsika kupyola theka. Ya 100 Ah imakupatsani 50 Ah basi, yotsalayo ndi mbewu, sidyedwa. Ikapumula maola angapo, mita imaonetsa 12.7 volt ngati yadzaza, ndipo cha pa 12.1 ndiye kuti yafika theka. Mukaisiya yopanda moto kwa miyezi, kalavani ili pakhomo kudikira tchuthi china, mapuleti ake amachita nkhanambo za sulphate ndipo sidzasunganso moto ngati kale. Ya zotsekera pamwamba imafuna madzi a batire, osati a pampopi, okwanira kumiza mapuleti. Potchaja imatulutsa mpweya woyaka msanga, choncho bokosi lake lizikhala ndi potulukira mpweya. Mitu ikachita dzimbiri loyera, ndimatsuka ndi soda ndi madzi, n'kupaka girizi pang'ono.

Masiku ano ambiri akugula mabatire a lithium. Ndi opepuka, amalola kuwatsitsa mpaka kutsala gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo amakhala zaka zambiri. Koma nawonso ali ndi mwambo wawo: satchajidwa kukazizira kupyola 0 digiri, ndipo ku Kgalagadi mu June ndi July usiku kumafika pamenepo. Ndimaonetsetsa kuti BMS, yoteteza batire m'kati mwake, imatha kudula yokha kukatero. Ndimaikanso DC-DC charger kuti batire izitchajidwa bwino galimoto ikuyenda, popanda kutopetsa alternator kapena kumaliza batire yolizira injini.

Chimandisangalatsa kwambiri ndi uthenga wa kasitomala ali kutali, wonena kuti sabata yatha filiji ikuzizirabe. Pamenepo ndimadziwa kuti masamu a papepala lija anali olondola.

Kwa achinyamata amene mukuphunzira ntchitoyi, ngakhalenso inu amene mwaika sola panyumba kumudzi, malamulo ake ndi omwewa. Werengani kaye zimene mumayatsa musanagule kanthu. Musaumire pa waya ndi fyuzi. Gulani mita, muziyeza batire yanu kawirikawiri, ndipo musaigoneke yopanda moto.