Kodi ku Likoma n'koyenera kupitako?

Ndiloleni ndiyankhe funso limene anzanga a kuntchito ndi abale akhala akundifunsa chibwererereni ku Likoma. Iwo amafuna kudziwa ngati munthu wamba, wodalira malipiro a pamwezi ngati ine, angachite bwino kutaya ndalama ndi masiku ake a tchuthi pa ulendo wa ku chilumba chakutali chotere. Yankho langa ndi lakuti inde, n'koyenera, koma kwa munthu amene ali ndi nthawi. Ulendo wa ku Likoma umadya masiku kuposa ndalama, ndipo amene sanawerengere bwino masikuwo ndi amene amabwerako akudandaula.

Ndiyambe ndi kumene malowa ali, pakuti ambiri a ife tinangowamva m'kalasi. Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba ziwiri za pa nyanja ya Malawi, ndipo ziwirizi ndizo zimapanga boma la Likoma, laling'ono kwambiri mwa maboma onse 28 a dziko lino. Chilumba cha Likoma n'chachikulu pafupifupi masikweya kilomita 18, pamene Chizumulu n'chaching'ono koposa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'bomali muli anthu oposa 14,000. Chimene chimadabwitsa mlendo n'chakuti zilumbazi zazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique. Ukaima pa gombe la kum'mawa umaona mapiri a Mozambique ndi mudzi wa Cobue pafupi penipeni, pamene Nkhata Bay ili kutali, makilomita pafupifupi 70 kumadzulo.

Nanga zinatheka bwanji kuti zilumbazi zikhale za Malawi? Amishonale a mpingo wa Anglican, a bungwe la UMCA, anakhazikitsa likulu lawo pa Likoma m'zaka za m'ma 1880. Pamene Britain ndi Portugal ankagawana malire mu 1891, gombe la kum'mawa kwa nyanja linapita kwa Apwitikizi, koma zilumba ziwirizi zinatsala m'manja mwa Angerezi chifukwa cha mishoniyo. Choncho munthu wa ku Likoma ndi Mmalawi ngati inu ndi ine, ngakhale nkhuni zophikira nsima yake nthawi zambiri zimachokera kutsidya, ku Mozambique.

Tsono nkhani yaikulu ndi ya kayendedwe. Njira imene anthu ambiri amadalira ndi sitima ya Ilala. Sitimayi inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera kuno m'zidutswa, anailumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951. Imazungulira nyanja kamodzi pa sabata, kuchokera ku Monkey Bay kukafika kumpoto ku Chilumba n'kubwereranso. Izi zikutanthauza kuti ku Likoma imaimako kawiri kokha pa sabata, popita kumpoto ndi pobwerera kumwera. Ukakwerera ku Nkhata Bay, monga ndinachitira ine, uyenera kudikira kuti sitimayo ikafike ku Monkey Bay ndi kutembenuka kuti idzakutenge. Pamenepo masiku anayi kapena asanu apita kale, osawerengera a pamsewu ochokera kwanu kukafika kudoko.

Njira zina zilipo. Pali maboti ang'onoang'ono amene amayenda pakati pa Nkhata Bay ndi zilumbazi, ndipo pa Likoma pali kabwalo ka ndege kamene ndege zing'onozing'ono zochokera ku Lilongwe zimatera. Ndegeyo ndi yachangu, koma mtengo wake ndi wa alendo akunja ndi mabwana. Maboti aang'onowo amadalira nyengo. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti pa nyanja pamaomba mwera, mphepo yamphamvu yochokera kumwera, ndipo mafunde ake amazunguza mutu ngakhale kwa anthu obadwira kunyanja. Amene akuopa kusanza ndi chizungulire asankhe miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene nyanja imakhala yodekha masiku ambiri, ngakhale kuti dzuwa limaotcha kwambiri.

Sitima yokhayo ndi theka la ulendo, ndipo ndinganene kuti ndi pamene munthu umayamba kuchidziwa chilumbacho usanafike. Chipinda cha pansi, cha mtengo wotsika, chimadzaza ndi matumba a chimanga ndi ufa, simenti, malata, makatoni a sopo ndi shuga, nkhuku m'madengu, ana asukulu ndi amayi a geni. Ukaona katunduyo umazindikira kuti pafupifupi chilichonse chimene anthu a ku Likoma amagula m'golosale chimaoloka nyanja. Pamwamba pa sitima pali malo a mtengo wokwererapo, pomwe umagona pamtetete ukuyang'ana nyenyezi. Kwa zaka zambiri sitimayi ikafika ku zilumbazi inkaima patali ndi gombe, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono, katundu ali pamutu, ana ali kumsana. Aliyense wa ku Likoma ali ndi nkhani yake ya kutsika kotereku.

Ukaponda pamtunda, choyamba kuona ndi milambe. Ndi yambiri ndiponso ikuluikulu, ili pakati pa miyala ndi minda ya chinangwa. Nthaka yake ndi ya mchenga ndi miyala, moti chimanga sichichita bwino, n'chifukwa chake nsima ya kumeneko kawirikawiri ndi kondowole. Magalimoto ndi owerengeka. Anthu amayenda pansi kapena pa njinga zamoto, ndipo munthu wamphamvu zake akhoza kuyenda kuchokera kumpoto kwa chilumbachi kukafika kumwera tsiku limodzi, n'kupumako pansi pa mitengo ya mango. Masitolo, msika ndi maofesi zili ku Mbamba, kufupi ndi kumene sitima imaima. Tsiku la sitima malowa amadzaza ngati msika wa kumudzi. Sitima ikangochoka, kumakhala zii.

Chimene chimakokera anthu ambiri ku Likoma ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Ndinali nditachiona pa zithunzi, koma kukula kwake umakumva bwino ukaima pakhomo. Anayamba kuchimanga mu 1903 ndipo anachipatula mu 1911. Anachimanga pa malo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankatentherapo anthu owaganizira kuti ndi mfiti. Ukalowa m'katimo umapeza kozizira bwino, mawindo a magalasi amitundumitundu, ndi mipando ya oimba yosemedwa mwaluso. Ine chimene chinandigwira mtima ndi kuganizira anthu amene anagwira ntchitoyo. Panalibe msewu, panalibe galimoto. Miyala ankaphwanya pa chilumba pomwepo n'kuisenza pamutu, ndipo zipangizo zina zinkabwera pa madzi. Manja amene anakweza makoma amenewo anali a makolo a anthu omwewa amene lero akukugulitsa usipa pa gombe.

Mbiri ya mishoniyi ili ndi mayina awiri amene ndi bwino kuwadziwa usanapite. Woyamba ndi Chauncy Maples, amene anamira pa nyanjayi mu 1895 akubwerera kuchokera ku England komwe anali atangodzozedwa kukhala bishopu. Sanachione tchalitchichi, koma dzina lake linapatsidwa kwa sitima ya mishoni imene inayamba kuyenda pa nyanja mu 1901. Wachiwiri ndi William Percival Johnson, amene anakhala zaka zoposa 40 akuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja. Iyeyu anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma, ndipo linasindikizidwa mu 1912, zaka 10 Buku Lopatulika limene ambiri a ife tinakula nalo lisanatuluke. Kwa ife okonda chiyankhulo chathu, ichi chokha n'chifukwa chokwanira chopitira. Ukamacheza ndi agogo a kumeneko umamva Chinyanja cha kunyanja, chimene umachimva ndithu koma mawu ena amakudutsa, ndipo umazindikira kuti chiyankhulochi n'chachikulu kuposa chimene timamva pa wailesi.

Sukulu za mishoni zinachititsa kuti anthu a ku Likoma aphunzire msanga. Aphunzitsi, ansembe, akalaliki ndi anamwino ambiri a m'nthawi ya atsamunda anachokera pa kachilumba kameneka n'kukagwira ntchito m'maboma ena ngakhalenso kunja. Mpaka lero mabanja ambiri kumeneko ali ndi mwana ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo pa Khirisimasi sitima imadzaza ndi obwerera kwawo. Imeneyo ndiyo nyengo ya magule, amuna akuvina malipenga atavala zoyera ngati asilikali, amayi akuvina chioda. Wofuna kuona magulewa akonzekere kupanikizana m'sitima.

Za nyanja sindinena zambiri, chifukwa zimafuna maso. Madzi ake ndi oyera moti ukaima m'madzi ofika m'chiuno umaona zala za kumapazi, ndipo tinsomba ta mbuna, ta buluu ndi tachikasu, timasewera m'miyala pafupi nawe. Usiku asodzi a usipa amayatsa nyali zawo kutali pa madzi, n'kumaoneka ngati tauni yamera pa nyanja. M'mawa umagula nsomba yongovuulidwa kumene, ndipo utaka kapena kampango wa tsiku lomwelo ndi kondowole wotentha ndi chakudya chimene sindinachipeze kwina kulikonse. Nthawi zina umaona ngati utsi ukufuka pakati pa nyanja. Imeneyo ndi nkhungu, tizilombo touluka tochuluka zedi, timene anthu a kunyanja amagwira n'kupanga ndiwo.

Koma walira mvula walira matope, ndiye ndinene zovuta zake mosabisa. Choyamba, katundu wa m'sitolo ndi wokwera mtengo kuposa kumtunda, pakuti wogulitsa amaikapo ndalama ya sitima. Chachiwiri, malo ogona otchuka amene mumawaona pa intaneti, monga Kaya Mawa, anamangidwira alendo olipira madola. Munthu ngati ine amagona m'nyumba za alendo zing'onozing'ono za ku Mbamba, zimene ndi zaukhondo ndithu koma zopanda zambiri. Chachitatu ndi matenda. Chipatala cha St Peter's chilipo ndipo chimathandiza anthu a pa zilumba zonse ziwiri, komanso ena ochokera kutsidya, koma matenda aakulu amafuna kuoloka nyanja kupita ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu. Amene ali ndi matenda a mgonagona, kapena mayi woyembekezera amene masiku ake ayandikira, aganize kawiri. Udzudzu uliko, choncho neti ndi yofunika, ndipo wosamba m'nyanja akumbukire za likodzo n'kukayezetsa akabwerera. Chachinayi, tengani ndalama zokwanira m'thumba ndi pa foni, musadalire kuti mukatapa kumeneko. Wofuna kuolokera ku Cobue atenge pasipoti, chifukwa ngakhale pali pafupi, kumeneko ndi dziko lina.

Chovuta china, chimene ena amachiona chachikulu kuposa zonsezi, ndi bata. Kulibe malo ambiri achisangalalo cha usiku. Dzuwa likalowa, chotsala ndi kucheza, kumvera mafunde ndi kugona. Tsiku loyamba munthu wa m'tauni umangoyang'ana pa wotchi. Pofika tsiku lachitatu umapezeka wakhala maola awiri pa gombe ukuonerera msodzi akusoka ukonde, n'kumakambirana naye za mtengo wa mafuta a injini ndi kuchepa kwa nsomba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Likoma amamuona bwino munthu wodekha.

Ndiye ndani apite? Ngati mukungofuna kusamba m'nyanja ndi kujambulitsa zithunzi Loweruka n'kubwerera Lamulungu, musavutike. Senga Bay, Cape Maclear ndi Nkhata Bay zili pa msewu, minibasi imakufikitsani, ndipo madzi ake ndi a nyanja yomweyo. Ngati abwana anu sangamve zoti mphepo yakuchedwetsani tsiku limodzi, dikirani tchuthi chachitali. Koma ngati muli ndi sabata yathunthu, mumakonda mbiri ya dziko lanu, ndipo simunyansidwa kukhala pa thumba la ufa usiku wonse mukucheza ndi anthu osawadziwa, pitani. Aphunzitsi amene amaphunzitsa ana za amishonale ndi za malire a dziko lino, akhristu a mpingo uliwonse, ndi achinyamata amene sanakwerepo sitima, onsewa akabwerako ndi kanthu.

Malangizo anga kwa wopita ndi ochepa. Funsani ndondomeko ya sitima ku doko sabata yomwe mukunyamuka, musadalire ya chaka chatha. Onjezerani masiku awiri pa masiku amene mwawerengera. Yesetsani kuti Lamulungu likupezeni kumeneko, mukamve nyimbo zikumveka m'makoma a St Peter's. Gulani nsomba, mango ndi zosemasema kwa anthu a pomwepo, kuti ndalama yanu itsale pa chilumba. Ndipo mukafika, perekani moni kwa aliyense amene mwakumana naye m'njira, chifukwa kumeneko mlendo amadziwika tsiku lomwe watsika sitima.

Timakonda kunena kuti malo okongola a dziko lino ndi a azungu, koma tikiti ya chipinda cha pansi pa Ilala amagulitsa kwa aliyense. Likoma ndi boma lathu, lili ndi phungu ku Nyumba ya Malamulo ngati maboma ena onse, ndipo anthu ake amaoloka nyanja imeneyi nthawi zonse kudzagula, kudzaphunzira ndi kudzachiritsidwa kuno kumtunda. Si chinthu chachikulu kuti nafenso tioloke kamodzi pa moyo wathu, tikawaone kwawo.