Madzi ankapana mtima wanga, koma ndili moyo

Ndikuchitira umboni zimene Mulungu anandichitira kudzera m'manja mwa madokotala, chifukwa ndikudziwa kuti alipo ena akubanika m'nyumba zawo, akumwa mankhwala a chibayo, pamene vuto lili pa mtima.

Matendawa anabwera mozemba. Madzulo thupi linkatentha, usiku thukuta kamukamu. Ndinkaonda koma miyendo ikutupa. Kenako befu: kupita pa mjigo pokha ndinkapumira panjira. Kugona chagada kunakanika, ndinkachezera chokhala, nditatsamira khoma. Apongozi anga ndi amene anaona kuti mitsempha ya m'khosi yatupa ngakhale ndili chikhalire, ndipo pomwe ena ankanong'ona za ufiti, iwo anati, "Tiyeni kuchipatala, mayi, zinazo tikamba pobwera."

Pa X-ray mtima unaoneka waukulu ngati mtsuko. Atandijambula ndi makina a sikani, adokotala anati mtimawo sunakule ayi, wazingidwa ndi madzi. Anandifotokozera kuti mtima umakhala m'kathumba, momwe mwa munthu wabwinobwino mumakhala timadzi tosapitirira mamililita 50. Madziwo akachuluka amaupana mtima, umalephera kutambasuka kuti ulandire magazi, BP n'kuyamba kutsika. Yanga inali itatsika kale. Anati sitingadikire kuti kuche.

Ndinachita mantha kumva za singano pafupi ndi mtima. Ndinasaina pepala dzanja likunjenjemera, bambo akunyumba ali panja ndi apongozi, akupemphera.

Anandigoneka mutu uli m'mwamba pang'ono, n'kundipaka mankhwala ozizira pachifuwa. Pa makinawo ndinauona ndekha mtima wanga ukugunda, kuzungulira konseko kuli bii. "Zakudazo ndiye madziwo, mayi," anatero adokotala. Anayendetsa kachipangizo kawo uku ndi uku, kufuna malo pamene madzi achuluka ndipo ali pafupi ndi khungu, kutali ndi chiwindi ndi mapapo. Apa m'pamene mtima wanga unakhala pansi: munthuyu sankalota, ankaona pamene akulasa. Anandibaya jakisoni wa dzanzi pansi pa fupa lapakati pa chifuwa. Singano yaitali italowa, ululu sindinaumve, koma kukankha kokha. Analowetsa kawaya kudzera m'singanomo, n'kutsetsereza kapaipi kofewa pa kawayako, singano ili kunja kale. Madzi anayamba kutuluka, ofiirira, osakanikirana ndi magazi. Asanamalize n'komwe, ndinakoka mpweya mpaka pansi, chinthu chimene ndinali nditaiwala. Anamwino ankawerenga BP mokweza, ikukwera. Ndinalira. Usiku umenewo anachotsa madzi oposa lita imodzi.

Kapaipiko kanakhala masiku angapo, anamwino akuyeza zotuluka m'mawa uliwonse, mpaka zitachepa kwambiri. Madzi aja anawapititsa kukayezedwa, ndipo yankho linandidabwitsa: chifuwa chachikulu, TB. Ine wosatsokomola? Anati TB sikhala m'mapapo mokha, ndipo kuno ku Africa ndi imene imayambitsa kwambiri madzi a mtundu umenewu, makamaka kwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Anandiyeza magazi kuti aone ngati ndili ndi kachilomboka asanaganize zondipatsa mankhwala otchedwa prednisolone. Chifukwa chake n'chakuti kafukufuku wotsogoleredwa ndi Pulofesa Bongani Mayosi wa ku Cape Town, kafukufuku amene Malawi inachita nawo ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2014, anaonetsa kuti mankhwalawa amachepetsa kuuma kwa kathumba kaja, koma kwa amene ali ndi kachilombo amawonjezera chiopsezo cha khansa zina.

Singano inandipulumutsa usiku umodzi, koma nkhondo yaitali inali ya mapilitsi: miyezi 6, iwiri yoyamba mankhwala amitundu inayi, inayi yotsatira amitundu iwiri. Mkodzo unafiira, nseru inkandipeza m'mawa, ndipo nditayamba kupeza bwino mtima unkandinyenga kuti ndachira. Apongozi sanalole. Ankakhala pafupi mpaka nditameza. Anali ndi chifukwa, pakuti TB ikasiyidwa panjira, kathumbako kakhoza kukhuthala n'kuuma, ndiye zimafuna opaleshoni yaikulu ya pachifuwa.

Sikani yomaliza inaonetsa kuti madzi sanabwerere ndipo kathumba kali bwino. Ndikuthokoza Mulungu, adokotala aja, anamwino a mu wodi, ndi apongozi anga amene anagona pansi pa simenti ngati gadiyani wanga. Chaka chino ndalima ndekha munda wanga wa mtedza, ndipo ndabwerera ku kwaya ya amayi.