A Fomu 2, musanalembe dzina pa pepala lija

Chaka chilichonse a Fomu 3 akangoyamba teremu yoyamba, m'kalasi mumayenda pepala losankhira maphunziro, ndipo ambiri amalemba dzina asanaganize ngakhale mphindi zisanu. Wina amasuzumira pamene mnzake wapamtima walemba, nayenso n'kulemba pomwepo. Wina anangomva kwa achimwene ake kuti "Fizikisi ndi imfa, aise, usayerekeze," basi nkhani yathera pomwepo.

Kuwerengera mapointi aliyense pano amadziwa. A MANEB amapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9, amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndipo mapointi akachepa ndiye kuti zayenda. N'chifukwa chake nzeru imene imafala pabwalo ndi yakuti thawa zovuta, tenga zoloweza, mapointi atsike. Chimene nzeru imeneyi sinena n'chakuti ku koleji sawerenga mapointi okha. Kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna kuti ukhale ndi kirediti, kutanthauza giredi 6 kapena yoposa pamenepo. Ukafuna za chipatala, kaya ku KUHeS kaya ku Malamulo konkuno ku Makwasa, amayang'ana Bayoloji, Masamu ndi sayansi zinazo. Za uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, popanda Masamu ndi Fizikisi usavutike n'kudzaza fomu.

Msuweni wanga wina ankafuna unamwino kuyambira ali kupulayimale. Ankatimanga zilonda ndi tinsanza tikamasewera, mpaka tinkamutchula kuti anesi. Pofika Fomu 3 anasiya Fizikisi ndi Kemisitile poopa kuti zimuonongera mapointi, ndipo palibe wamkulu amene anamufunsa kuti kodi unesi uja wausiya? Mayeso anakhoza bwino ndithu, kunyumba tinapha nkhuku. Tsiku limene anawerenga zofunika pa kosi ya unamwino anangopinda pepala, n'kupita kukatunga madzi osalankhula ndi munthu. Panopa akulingalira zobwereza, koma kuyamba Kemisitile uli ndi zaka 21, fizi ukudzipezera wekha, si masewera.

Nthawi yanga itakwana, Hisitole ndi Fizikisi zinkaphunzitsidwa nthawi imodzi, ndiye umayenera kusiya chimodzi. Hisitole ndinkaikonda, eti. Nkhani ya thangata ndi ya John Chilembwe mu 1915 sinali ya m'buku chabe kwa ine, poti ku Mbombwe si kutali, ndipo agogo ankatisimbira mmene makolo awo ankalimira azungu kuti aloledwe kukhala pa malo. Komanso ndinkaikhoza mosavuta.

Amayi ananena maganizo awo akusanja tomato wopita naye kumsika wa Goliati. "Iwe, tenga zimene ukhoze. Tomatoyu ndi amene akukuphunzitsa, asapite pachabe." Sindikuwanena amayi. Munthu amene amadzuka mbandakucha, dengu pamutu, kukanenerera mitengo ndi ogula ochokera ku Limbe, ali ndi ufulu woopa kuti mwana abwera ndi 9 pa satifiketi. Mantha awo anali oona, ndipo inenso ndinali nawo.

Amalume, amene athyola tiyi ku esiteti kwa zaka zambiri, sanandiuze chosankha. Anangoti, "Mphwanga, ife timalipidwa poyeza makilo. Koma alipo amene amabwera ndi timabotolo kudzatenga dothi, ena amakonza makina a m'fakitale akaima. Amenewo mvula siwanyowetsa ngati ife. Kafufuze kuti anaphunzira chiyani." Ndinafufuzadi. Ndinapeza kuti ku Mimosa, ku Mulanje, kuli malo a kafukufuku wa tiyi kumene amayesa mbewu zatsopano, dothi ndi matenda a mbewuyi. Tiyi yemweyu amene tinabadwa tikumuona ali ndi Kemisitile yake, Bayoloji yake, Fizikisi yake, kungoti ife timamudziwa kumbali ya dengu lakumsana.

Ndiye pali MUST. Yunivesite imeneyi inayamba kulandira ophunzira mu 2014 pa Ndata, pafupi pomwepa, moti ena a ife timadutsa pa geti pake pa njinga. Amabwera ana ochokera ku Karonga, ku Mchinji, ku Nsanje kudzaphunzira pakhomo pathu, ife eni dera n'kumawagulitsa tomato ndi kuwanyamula pa kabaza. Kugulitsa si kolakwika, ndadya za tomato moyo wanga wonse. Chimandiwawa n'chakuti ena a ife geti limenelija timadzitsekera tokha tili ndi zaka 15, ndi bolopeni, pa pepala limene sitinaliwerenge n'komwe.

Ndinatenga Fizikisi ndi Kemisitile. Sindikunamizani kuti n'zophweka. M'sukulu zoyendera ngati yathuyi zipangizo n'zochepa, buku limodzi timagwirizira anthu angapo, ndipo zinthu zina timayamba kuziona pa chithunzi chojambulidwa ndi choko tisanazigwire m'manja, pamene mayeso a pulakitiko akutidikira chimodzimodzi ndi anzathu a ku sukulu zogonera komweko. Teremu yoyamba ndinkatuluka m'kalasi mutu uli gwa. Chinatithandiza n'chakuti tinapangana anthu asanu kumatsalira tikaweruka, kusinthana mapepala a mayeso akale, aliyense n'kufotokozera anzake mutu umene waumva. Mtsikana wina m'gulu lathu, yemwe anyamata ankamuuza kuti sayansi si ya atsikana, ndi amene amatimasulira ma mole tonsefe. Anyamata aja pano amabwera mwakachetechete kudzabwereka kope lake.

Musandimve molakwa ngati ndikuti aliyense athamangire sayansi. Wofuna za malamulo ku Zomba, utolankhani kapena uphunzitsi wa zilankhulo, Hisitole, Jogalafe ndi Chichewa ndi zake, azigwire ndi manja awiri, ndipo asalole wina kumutcha wothawa nkhondo. Ku MUST komweko kulinso sukulu ya za chikhalidwe, kumene amaphunzira nyimbo, zilankhulo ndi nzeru za makolo. Ulimi nawonso musaupeputse poti mumalima kale kunyumba. Ku Bunda anthu amatenga nawo digiri. Chingerezi chokha ndiye palibe kuchitira mwina, ukachilephera satifiketi palibe. Masamu ngakhale akuwawe bwanji, makosi ochuluka amawafuna, ndi ku sukulu za ntchito zamanja komwe amathandiza.

Chaka chilichonse a NCHE amatulutsa mndandanda wa makosi a m'mayunivesite aboma, ndipo pa kosi iliyonse amalemba maphunziro ofunika. Ambiri timauona koyamba zotsatira za MSCE zitatuluka kale. Pitani kwa aphunzitsi a kalasi yanu muwapemphe wa chaka chatha, kapena pemphani wina amene ali ndi foni ya intaneti akutsitsireni. Pezani makosi atatu amene mtima wanu ukufuna, mukopere maphunziro ake kuseri kwa kope, mukawaonetse makolo kunyumba. Amayi anga nditawawerengera mndandandawo anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa mtengo wa kakyuleta.