Malume sapalasa pa tala

Ndikanena kuti kwathu ndi ku Biriwiri, ambiri a inu muyankha kuti mumakudziwa, pamene chomwe mumadziwa ndi msewu basi. Mumadutsapo pa basi kapena pa minibasi mukamachoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, mutangopitirira pa boma la Ntcheu, mukusinza kapena mukuwerenga ndalama zoti mukagulire kabichi ndi kachewere pa Lizulu. Mwina mnzanu wa pampando anakulozeranipo kuti kumanzere kwa msewu ndi ku Mozambique, kumanja ndi ku Malawi, inu n'kugwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Sindikukudzudzulani ayi. Inenso amene mchombo wanga unagwera komweko ndakhala zaka zambiri ndikungofikako ngati mlendo, injini ya galimoto isanazizire n'komwe ndatsazika.

Msewu umenewu, wa M1, unatilanda achimwene anga mu 1992. Chinali chaka cha chilala choopsa chija, ndipo midzi ya m'malire inali yodzaza ndi abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Malole ankadutsa usana ndi usiku. Tsiku limenelo achimwene analawira, anamanga thumba la kachewere pa kaliyala ya njinga ya Humber imene malemu bambo athu anasiya, nauyamba ulendo wa kumsika. Amene anaona akuti dalaivala wa lole analiza hutala osachepetsa liwiro, ndipo achimwene analibe kothawira poti m'mphepete mwa tala munali mutagumuka. Ine ndinali mu Fomu 2. Mpaka lero ndikatsinzina ndimaona mbatata zili mbwee pamsewu, ana akuzitola n'kumazibwezera m'thumba lomwelo kuti akapereke kwa mayi.

Njinga yopindikayo anaitenga ndi malume. Anakaiwongoletsa kwa amisiri okonza njinga, nagula limu ina, masipoko ndi foloko, n'kuyamba kuikwera. Koma kuchokera nthawi imeneyo anadziikira lamulo: iwo sapalasa pa tala. Akafika pamsewu waukulu amatsika, amayang'ana uku ndi uku, amawoloka akukankha, n'kukakwereranso tsidya linalo pa fumbi. Anyamata ankawaseka kuti mkuluyu amaopa tala ngati mwana woopa jakisoni. Iwo sankayankha. Lero apitirira zaka 70, ndipo Humber ija ikuyendabe, ngakhale kuti chachikale chomwe chatsalapo ndi fulemu ndi dzina.

Ine ndinapita ndi sukulu, ndinapeza ntchito ku Lilongwe, ndinagula kagalimoto, mimba nayo inatuluka monga mwa mwambo wa ife a m'tauni. Adokotala atandiyeza anandiuza mosapsatira mawu kuti magazi akuthamanga, shuga nayenso ali pakhomo, ndiye ndiyambe kulimbitsa thupi. Ndinagula njinga ya magiya ya kaunjika. Ulendo woyamba unalinso womaliza. Minibasi ina inandidula kutsogolo pothamangira munthu amene anaimika dzanja, ndipo galimoto ya kumbuyo inandiphonya pang'onong'ono mpaka mphepo yake ndinaimva pachigongono. Ndinabwerera kunyumba ndikukankha, miyendo ili njenjenje, njingayo n'kukaikoleka kukhonde.

Mu Julayi 2023 tinagwirizana pabanja kuti timange chiliza pamanda a achimwene, ntchito imene tinakhala tikuizengereza zaka 31. Sindidziwa chimene chinandigwira, koma polongedza katundu ndinaponyamo ndi njinga ija. Malume ataiona anaizungulira kawiri, natosa tayala ndi chala.

"Mphwanga, chimenechi chimayenda kapena n'chokongoletsera nyumba?"

"Chimayenda malume, kungoti misewu ya masiku ano njoopsa."

"Anakuuza ndani kuti njira ndi tala yokha? Mawa ulawire, uvale juzi."

Kuzizira kwa m'mapiri a kwathu mu Julayi sikufuna mboni. Tinanyamuka nkhungu idakali m'zigwa, zala zitauma pa handulo. Malume anali patsogolo, msana uli chilili, akupalasa mwapang'onopang'ono ngati munthu amene alibe ngongole ndi wina aliyense. Tinalowa kanjira kodutsa kuseri kwa makola a ng'ombe, tinatulukira mumsewu wa ngolo, ndipo sipanapite nthawi phokoso la malole linazimiririka. Ndinayamba kumva zinthu zimene ndinaziiwala: tcheni chikulira, matayala akuphwanya timiyala, atambala, mayi wina akuitana mwana patsidya. Mtunda wonse umene tinayenda m'mawawo, wa maola ngati anayi, tinakumana ndi ngolo zitatu, ng'ombe, ana a sukulu, amayi osenza nkhuni ndi anzathu a njinga. Galimoto ngakhale imodzi.

Musaganize kuti njira za kumudzi zilibe malamulo. Alipo, kungoti salembedwa pa zikwangwani. Ukafika kumbuyo kwa munthu woyenda pansi umaliza belu ukadali patali, kapena umati "Zikomo kumeneko!" ndipo akapatuka umathokoza. Mayi wosenza mtolo sumuthamangitsa, umadikira mpaka njira itakula. Ukaona masamba aikidwa mopingasa msewu umadziwa kuti pali zovuta, umatsika n'kudutsa ukukankha, chipewa chili m'manja. Ndipo moni sumana munthu. Malume anaima mwina kakhumi, apa kufunsa za odwala, apo za mtengo wa feteleza. Poyamba ndinkanyinyirika mumtima kuti thukuta lituluka liti. Kenaka ndinazindikira kuti kwa iwo moniwo ndi mbali ya ulendo.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi ngalande. Inu amene mumagula kabichi, tomato, anyezi ndi kachewere m'chilimwe pa Lizulu kapena pa mphambano ya ku Tsangano, munayamba mwafunsapo kuti madzi ake amachokera kuti mvula italeka kalekale? Alimi a m'mapiri muno, tsidya lino ndi tsidya la Mozambique lomwe, amatseka kamtsinje kumtunda ndi miyala, zibuma ndi matumba a mchenga, n'kukumba ngalande ndi makasu motsata m'mbali mwa phiri. Madzi amayenda okha, popanda injini kapena pampu, kutsika pang'onopang'ono mpaka kukafika m'madimba amene ali pamwamba pa mtsinje womwewo. Aliyense ali ndi nthawi yake yotsegulira madzi kumunda kwake, ndipo woba madzi usiku mlandu wake umakafika kwa amfumu. Pambali pa ngalande iliyonse pamakhala kanjira kamene eni ake amayendamo poyang'ana ngati pena pagumuka.

Kanjira kameneka ndi kamene malume amakakonda. Ine ndi magiya anga ndinkafuna kulunjika chitunda, iwo anakhota n'kutsata ngalande.

"Madzi sakwera phiri, mphwanga. Ukawatsata, nawenso sukwera."

Zoonadi, tinalizungulira phirilo mosatopa, madzi akuyenda kudzanja lamanja, masamba obiriwira a kachewere kumunsi kwathu. Pena kanjirako kankachepa mpaka tinkatsika, pena tinkawoloka pa mitengo iwiri yogoneka. Ine ndinagweramo kamodzi, nsapato n'kudzaza matope, ana amene ankatsuka karoti anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Titapuma pamwala wina, malume analoza kumadzulo, ku mapiri a tsidya lija kumene kuli abale athu ena, olankhula ngati ife ndi ovina ngoma ngati ife. Anandikumbutsa kuti nkhondo itatha ndi pangano la mtendere limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kwawo koma njira zambiri za kumeneko zinkaopedwabe chifukwa cha mabomba okwirira pansi. Munthu unkaponda pamene mnzako waponda. Dziko la Mozambique linalengeza kuti lamaliza kuchotsa mabomba odziwika mu 2015. "Kumeneko tinkaopa pansi," anatero, "kuno timaopa tala. Kwinako anakonza."

Patapita miyezi ndinakaona ngalande zazikulu ku chigwa cha Bwanje. Ndinatsika ndi galimoto msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere, wochoka pa Masasa kukafika ku Golomoti, njinga ili kumbuyo, n'kukaitsitsa pa sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley m'boma la Dedza. Sikimuyi, ya mahekitala 800, inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imatenga madzi mu mtsinje wa Namikokwe. Kumeneko ngalande zake n'zasimenti, ndipo m'mbali mwake muli misewu yafumbi yosalala, yopanda chitunda. Umapalasa pakati pa minda ya mpunga, akakowa akuuluka patsogolo pako. Sanaimange kuti ikhale ya okwera njinga, koma ndi mmene yakhalira.

Anzathu a maiko ena zoterezi amachita mwadala. Ku England, tinjira ta m'mbali mwa ngalande, mmene kale mahatchi ankayendamo pokoka mabwato a katundu, lero muli anthu a njinga ndi oyenda pansi. Pakati pa mizinda ya Bristol ndi Bath pali njira ya makilomita pafupifupi 21 imene inakonzedwa pakati pa 1979 ndi 1986 pamene padali njanji yakale, ndipo galimoto sililoledwa. Ku Netherlands, kumene timamva kuti njinga n'zambiri kuposa anthu, sizinangochitika zokha. Mu 1971 ngozi za pamsewu zinapha anthu pafupifupi 3,300 m'dzikomo, mwa iwo ana oposa 400. Makolo anakwiya, anachita zionetsero, ndipo m'zaka zotsatira boma linayamba kumanga njira za njinga zopatukana ndi za galimoto. Kwathu kuno njinga ndiyo imanyamula makala, chimanga, mbuzi, odwala ndi amayi oyembekezera, koma pomanga msewu timaiwerengera malo otsala, ngati atsalako.

Ndisadzionetse woyera. Tsiku lotsatira ulendo wathu uja ndinatenga malume pa galimoto kuti tikagule simenti ya chiliza pa boma. Pachitunda china tinapeza mnyamata akulimbana ndi njinga, matumba awiri a kachewere pa kaliyala, akupita uku ndi uku chifukwa cha kulemera. Kutsogolo kunkabwera basi. M'malo moponda buleki, dzanja langa linathamangira pa hutala monga limachitira tsiku ndi tsiku ku Lilongwe. Mnyamatayo anadzidzimuka, anatsika pa tala n'kugwera m'miyala, phazi limodzi pansi, katundu atapendekeka. Ndinadutsa. Malume anakhala chete mpaka tinafika pa sitolo. Ndikuzimitsa injini ndi pamene anayankhula, osandiyang'ana.

"Achimwene akonso anawalizira chonchi."

Abale anga, mawu amenewa sanandichoke. Zaka zonsezi ndinkadana ndi dalaivala wa lole uja, munthu amene sindinamuonepo nkhope, osadziwa kuti dzanja langa linaphunzira khalidwe lomwelo. Kudikira kuti basi idutse kukananditengera nthawi yochepa kuposa yomwe mwawerengera ndime ino.

Nazo njira za kuseri sizilinso zachete ngati kale. Njinga zamoto za kabaza zafika paliponse, ndipo malume akuti masiku ano amatchera khutu ngakhale ali pakati pa midzi. Sindikuwada anyamatawo, akusaka ya ndiwo ndipo afupikitsa ulendo wa kuchipatala. Koma ngati sitisamala, mantha a pa tala atitsatira mpaka kumadimba. Amene amakonza mapulani a misewu atiganizireko posiya malo okwanira, olimba, a njinga ndi oyenda pansi, makamaka pafupi ndi misika ndi sukulu. Makhonsolo asaiwale timilatho ndi misewu ya m'midzi, poti ndi imene imapulumutsa anthu ku msewu waukulu. Ndipo ife a galimoto, phazi lizifika pa buleki dzanja lisanafike pa hutala.

Chiliza tinamanga. Galimoto silifika kumanda, choncho simenti inayenda thumba limodzilimodzi pa kaliyala ya Humber yomwe ija, malume akukankha, ine nditagwirira kumbuyo. Tsopano Loweruka lililonse m'mawa ndimatsitsa njinga yanga kukhonde n'kukasaka misewu yafumbi ya kunja kwa Lilongwe. Ndikafika pa tala ndimatsika n'kuwoloka ndikukankha. Anyamata a kabaza amandiseka, ine sindiyankha.